Utsi wa Milamba ndi Masaya a Mayi Evelesi

Ku Chiromo, chakufupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, mlendo akafunsa kwa Mayi Evelesi amayamba wafunsidwa iyeyo: "Mukufuna nsomba, kapena muli ndi mkwatibwi?" Ntchito za mayiwa zinali ziwirizo, ndipo anthu sankamvana kuti yaikulu ndi iti. Abambo ankati ndi nsomba, popeza milamba yowamba iwo inkakwera mapiri mpaka ku Thyolo osachita nguwi. Amayi ankati ndi akwatibwi, chifukwa kwa zaka zoposa makumi awiri panalibe mtsikana wa mbali imeneyo amene analowa m'tchalitchi ndi velo asanadutse m'manja mwawo. Mwina kunena kuti panalibe n'kuwonjeza, koma ngati analipo, anali ochepa.

Anabadwa chaka china cha madzi ambiri. Ena amati 1976, ena amati 1978, ndipo eniake sanatsutsepo aliyense. Mayi awo anamwalira iwo ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, choncho analeredwa ndi azakhali awo, a Hannah. Sukulu anaiyamba bwino, koma anailekeza Sitandade 5, chaka chimene madzi analowa m'makalasi n'kukhalamo miyezi iwiri. Kuwerenga Chichewa ankatha, makamaka m'buku la nyimbo la kutchalitchi. Chingerezi chinatsalira m'madzi momwemo.

A Hannah ndiwo anali okonza akwatibwi masiku amenewo. Mtsikana akatsala ndi milungu itatu kuti akwatiwe, ankamutenga n'kumubindikiritsa m'nyumba. Kudimba sankapita, kudooko ayi, ngakhale kukhala pakhonde dzuwa likakwera sankaloledwa. M'mawa ndi madzulo ankamusambitsa madzi ofunda n'kumudzoza mafuta a nsatsi. Mafutawo ankayenga okha: kukazinga nsatsizo, kuzisinja, kuziwiritsa, kenaka n'kumatapa mafuta oyandama pamwamba. Wosinja anali Evelesi. Tsiku la ukwati mtsikana uja ankatuluka ali wakuda monga analowera, koma akunyezimira ngati bilinganya yongothyola kumene, amayi n'kuimba nthungululu mpaka pakhosi kuuma. A Hannah sanali munthu wa malangizo ambiri, koma limodzi ankalibwereza: "Evelesi, usadzadzoze mwana wa munthu chinthu chimene iwe sunayambe wadzola."

Ali ndi zaka makumi awiri anakwatiwa ndi a Geresomo, msodzi wa m'dambo la Elephant Marsh, bambo wosalankhulalankhula ndiponso wosataya kanthu. Chingwe choduka, chitini chobooka, supuni yopanda mpini, zonse amazisomeka kudenga akuti tsiku lina zidzagwira ntchito. Anabereka ana anayi, woyamba Paul, n'chifukwa chake mpaka lero a Geresomo amawaitana akazi awo kuti amake Paul.

Ntchito yowamba nsomba siifuna nzeru zambiri, imafuna kupirira. Bwato likafika m'mawa, milamba imatumbulidwa, kutsukidwa, n'kuyalidwa pawaya pamwamba pa uvuni wa dothi. Utsi uyenera kuchuluka, moto uchepe, ndipo wowamba sachokapo, chifukwa akangotembenuka nsomba zapsa. Nkhope imakhala mu utsi kuyambira m'mawa mpaka masana, dzuwa la kuchigwa likumenya kuchokera pamwamba. Nkhuni kumeneko n'zosowa, choncho moto amauyatsira chilichonse chimene chapezeka: mapesi, bango louma, mapepala.

A Hannah atamwalira, ntchito ya akwatibwi inagwera Mayi Evelesi. Zaka zoyambirira anaitsata monga anaiphunzirira. Koma atsikana anasintha, kapena tinene kuti nthawi ndiyo inasintha. Wina akugwira ntchito kuesiteti ya nzimbe, wina ali ndi okala ku Bangula. Ndani akanakhala m'nyumba milungu itatu? Kunabweranso zithunzi za pafoni, ndipo ambiri ankafuna kuoneka oyera pazithunzizo. Tsiku lina, atawoloka pa Mtayamoyo kukagulitsa nsomba ku Bangula, wamalonda wina anawaonetsa mafuta oyeretsa khungu. Anati chimene nsatsi zimachita milungu itatu, awa amachita masiku asanu, n'kupitirira pamenepo.

Mayina a mafutawo sanawasunge. Ankawadziwa ndi zithunzi: kachubu kokhala m'kabokosi kojambulidwa ndimu, botolo la kukamwa kwakukulu lojambulidwa mzimayi akumwetulira, ndi sopo wina wofiirira. Kusakaniza anaphunzira okha. Ankafinyira machubu m'beseni, n'kuthiramo a m'botolo aja, kutakasa, kenaka kugawa m'timabotolo topanda dzina. Machubu otha ankawaponya m'chimbudzi, ndipo mabotolo ankawapala zolemba ndi mpeni, kuti anzawo asaone chinsinsi chawo. Koma timabokosi ndi timapepala ta m'kati mwake sankatitaya. Tinkayaka msanga kuposa bango, choncho tinkathera pauvuni, ndipo zonse zimene zinalembedwapo zinkakwera kumwamba limodzi ndi utsi wa milamba.

Tisafulumire kuwaweruza. Lamulo la a Hannah analisunga, anayamba kudzola iwo eni. Nkhope inayera mpaka amayi a padooko n'kumawatchula kuti mzungu wa milamba, ndipo owamba anzawo anayamba kugula. Patapita zaka zitatu kapena zinayi, pamasaya pawo panabwera mdima, wooneka ngati mwaye wolowerera, wosachoka ndi sopo. Pamfundo za zala chimodzimodzi. A Ireen, owamba pauvuni woyandikana nawo, anaonanso zomwezo pamasaya pawo, enanso chimodzimodzi. Onse anagwirizana kuti ndi utsi. Zinali zomveka ndithu: makoma a uvuni amada ndi utsi, waya amada ndi utsi, nanga masaya alekerenji? Ndipo mankhwala a utsiwo anali amodzi, kudzola ochulukirapo. Akwatibwi ankadzola milungu yochepa n'kupita kwa amuna awo, ena kutali, moti wobwera kudzadandaula sankaoneka. Wobwerera ankabwerera botolo lina.

Achimwene awo a Mayi Evelesi, a Augustine, anali ndi mwana wamkazi dzina lake Favour, telala wosokera pakhonde la sitolo ina ku boma la Nsanje. Atachita chinkhoswe ndi Lazaro, mnyamata wokonza njinga zamoto, anapempha azakhali ake botolo. Ukwati unali kutali, pafupifupi miyezi isanu ndi inayi, koma iye ankafuna kuyambiratu. Mwezi uliwonse kabotolo kankapita ku Nsanje paminibasi. Ndipo poti anali mwana wawo, Mayi Evelesi ankamufinyira machubu awiri pamene ena ankawafinyira imodzi.

Kutatsala milungu isanu ndi umodzi kuti ukwati uchitike, m'mawa wina wa mu Ogasiti, Favour anatsika m'bwato atadziphimba chitenje kumutu, maso okha ali pamtunda. Anapeza azakhali ake akutembenuza nsomba.

"Iwe, wamwalira ndani?" anafunsa a Ireen ali pauvuni wawo.

"Palibe, amayi."

"Ndiye ukubisa chiyani? Lazaro wakuluma ukwati usanachitike?"

Favour sanaseke. Analowa m'nyumba, Mayi Evelesi n'kumutsatira akupukuta manja pachitenje. Favour atavundukula, azakhaliwo anaona pamphumi ndi pachibwano pali tiziphuphu tothithikana, khungu lapyapyala moti timitsempha tofiira tinkaonekera, ndipo pamasaya onse awiri panali mdima.

"Utsi uwu," anatero Mayi Evelesi, mawu atangotuluka okha. "Ndikupatsa botolo lina, uzidzola katatu patsiku."

"Utsi wake uti, azakhali? Ine ndimakhala pamakina kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Tandionetsani nsomba imodzi imene ndawamba ine."

Mayi Evelesi anayang'ana kuzenera. Anatenga kagalasi kamene kanali pazenera, n'kuima pafupi ndi mtsikanayo kuti nkhope zonse ziwiri zilowemo. Mdima unali malo amodzi, pansi pa maso kutsikira kumbali, ndipo maonekedwe ake anali amodzi. Wawo unali wokhwima, wa Favour wanthete, kusiyana kunali kokhako. Anabweza kagalasiko pazenera.

"Lazaro waona?"

"Ndamuuza kuti ndikudwala maso. Uno ndi mlungu wachiwiri ndikumuzemba. Azakhali, ndikaima bwanji pamaso pa anthu ndi nkhope iyi? Abale ake akuchokera ku Ngabu basi yathunthu."

M'mawa mwake anapita kuchipatala chaching'ono cha m'deralo. Anapeza a nesi Otilia, mayi wachikulire wolankhula Chichewa chosakaniza ndi Chisena. A nesiwo anayang'ana nkhope ya Favour nthawi yaitali, n'kufunsa chimene amadzola. Favour anatulutsa kabotolo.

"Kalibe dzina aka. Wasakaniza ndani?"

Mayi Evelesi akanatha kunena kuti anagula pamsika, ndipo Favour sakanawatsutsa. Koma anati, "Ndine, a nesi."

"Munaikamo chiyani?"

"Wa ndimu, ndi wa mzimayi womwetulira."

A nesi anaseka pang'ono, osati monyoza. "Mayi, ndimu salowa m'machubu amenewa, amangokhala pachithunzi. Ine ndikufuna kabokosi kake. Ndikaona zolembedwa ndidziwa chomuuza mwanayu, chifukwa pali mankhwala ena osiya lero lomwe, pali ena ofuna kusiya mwanzeru."

"Timabokosi tinathera pamoto."

"Tonse?"

"Tonse. Timawambira milamba."

"Kafufuzeni, ngakhale chidutswa. Pakadali pano asadzolenso."

Wamalonda wa ku Bangula uja ankabwera kamodzi pamwezi kuchokera ku Limbe, ndipo anali atangodutsa kumene. Choncho atabwerera kunyumba, Mayi Evelesi anafufuza paliponse: m'dengu la zovala, kuseri kwa mtsuko, pansi pa mphasa, ngakhale m'phulusa la uvuni. A Geresomo anali pansi pa mtengo akusoka ukonde.

"Amake Paul, mwataya chiyani? Nyumbayi mugwetsa."

"Kabokosi ka ndimu. A nesi akukafuna."

A Geresomo anapitiriza kusoka mpaka anamaliza bowo limene anayamba. Kenaka anadzuka, n'kulowa m'nyumba, n'kupisa dzanja kudenga. Anatulutsa kabokosi komangidwa ndi mphira, kakuda ndi mwaye, n'kukhuthulira mbedza zawo m'chipewa.

"Aka?"

"Munakatenga liti?"

"Chaka chatha. Kabokosi kabwino chonchi n'kotentha?"

Sanadikire yankho. Anatsikira kubwato n'kubwera ndi botolo la kukamwa kwakukulu, lodzadza dothi ndi nyongolotsi za nyambo. Linali limodzi la mabotolo aja, analitenga lisanapalidwe. Mzimayi wa pachithunzi anali akumwetulirabe, matope ali kumaso.

"Uyu ndi mkazi wanga wachiwiri, timapita naye kudambo," anatero a Geresomo. "Mukambweze."

"Zaka zonsezi ndakhala ndikukunenani ndi zinyalala zanu za kudenga."

"Nenaninso lero."

"Nkhabe," anakana m'Chisena Mayi Evelesi. "Lero ayi."

Tsiku lotsatira a nesi Otilia anavala magalasi, n'kupukuta kabokosi kaja ndi thonje mpaka timalemba tating'onoting'ono ta m'mbali tinaoneka. Analoza ndi cholembera.

"Dzina ili ndi clobetasol. Ndi mankhwala enieni, amphamvu kwambiri, a matenda ena a pakhungu. Dokotala akakulemberani mumapaka masiku ochepa, ndipo kumaso sitikonda kuti afikeko. Mukamadzola miyezi, khungu limapyapyala, ziphuphu n'kutuluka, timitsempha n'kuonekera. Ali ndi m'bale wake, betamethasone, khalidwe lawo ndi limodzi." Kenaka anatenga botolo la nyambo, lomwe Mayi Evelesi anali atalitsuka kawiri. "Ili ndi hydroquinone. Ameneyu ndiye amayeretsa poyamba. Koma mukapitiriza, makamaka pa dzuwa lathu lino, amatembenuka n'kuyamba kudetsa, ndipo mdima wake umalowa m'kati."

A nesi anayang'ana masaya a Mayi Evelesi. Mayi Evelesi anadzinenera okha.

"Ndiye kuti si utsi."

"Utsi umachoka ndi madzi ndi sopo, mayi."

"Palinso sopo wofiirira. Ameneyo pepala lake ndilibe."

"Ndiye musamukhudzenso. Sindinganene za iyeyo popeza sindinamuone, koma sopo ndi mafuta ena oyeretsa amakhala ndi mercury, nthawi zina osalembapo n'komwe. Ameneyo sathera pakhungu. Amalowa m'magazi, amawononga impso ndi mitsempha, ndipo mayi woyembekezera amapatsira mwana ali m'mimba. Uyu akukwatiwa, si choncho?"

Analemba mayina anayiwo papepala ndi zilembo zikuluzikulu n'kuwapatsa. Favour anafunsa chimene anabwerera.

"Ndichira ukwati usanafike?"

"Sindikunamiza, mwanangu. Ziphuphuzi zikhoza kutha. Mdimawu sunakhalitse, ukhoza kuchepa pang'onopang'ono, koma milungu isanu ndi umodzi ndi yochepa. Ndipo nkhope iyamba yakwiya. Itentha, ifiira, isenda, chifukwa yazolowera. Ndikupatsa kachubu kofooka ka masiku ochepa kuti itsike bwino. Kupatula apo, vaselini wamba, sopo wosanunkhira, ndipo dzuwa ulithawe ngati ng'ona."

Mayi Evelesi anafunsa za mafuta a nsatsi. A nesi anati m'mikono ndi m'miyendo palibe vuto, koma kumaso adikire. Atafika pakhomo, Mayi Evelesi anatembenuka.

"Nanga anga?"

"Anu akhalitsa. Mukasiya mwina sapitirira, koma kuchoka ndikukayika."

"Takhuta," anathokoza Mayi Evelesi. Anapinda pepala lija kanayi n'kulimanga kunsonga ya chitenje.

Kuthawa dzuwa ankakudziwa, anakuphunzira ali mwana. Anatumiza uthenga kwa a Augustine kuti makina osokera abwere, ndipo anabweradi pabwato, atakulungidwa m'bulangete. Anasesa chipinda chimene kale munkagona Paul, n'kutchinga zenera ndi chitenje. Anapempha nsatsi kwa mayi wina wa kumtunda, n'kufukula mtondo wa a Hannah umene kwa zaka zambiri unali mpando wa nkhuku. Favour anabindikira, osati milungu itatu koma isanu ndi umodzi, akusoka zovala za operekeza ake. Mayi Evelesi nawonso anasiya kudzola tsiku lomwelo.

Mlungu woyamba unadutsa bwino. Wachiwiri, kachubu ka a nesi katatha, nkhope inakwiya monga ananenera. Inafiira, inatupa pang'ono, ndipo inkasenda ngati mbatata yowotcha. Tsiku lina masana, Mayi Evelesi akulowa ndi madzi osamba, anapeza makina ali chete, Favour atagwira nsanza yonyowa kumaso.

"Azakhali, mabotolo aja muli nawobe. Ndawaona m'dengu kuseri kwa chitseko."

Analipodi, dengu lodzadza. Anali asanapeze mtima wowataya.

"Ingondipatsani limodzi. Ndidzole mpaka ukwati udutse, kenaka ndisiyiretu. Masiku awiri okha nkhope ikhala bwino, inunso mukudziwa."

Ankadziwa. Nkhope yawo yomwe inkawotcha ngati aipaka tsabola, ndipo m'mawa uliwonse dzanja linkapita lokha kumene kunkakhala kabotolo kawo. Ankadziwanso kuti akapereka, tsiku la ukwati Favour adzaoneka woyera, amayi adzawayamikira iwo, ndipo mdima uja udzakhwima pansi pa ufa wa kumaso mpaka kufanana ndi wawo.

"Sindikupatsa."

"Munandiwononga ndinu, ndiye mukukana kundikonza?"

Theka la mawu amenewo linali loona. Anatula madzi aja, n'kusenza dengu, n'kutuluka nalo. A Ireen anawaona akudutsa kuseri kwa nyumba.

"Mukupita nawo kuti? Mukataya mu Shire?"

"Mu Shire mumakhala milamba yathu."

Anakaima pakhomo la chimbudzi n'kuyamba kuponyamo timabotolo kamodzikamodzi, sopo wofiirira pomaliza. A Ireen anathamanga chitenje chili m'manja.

"Mwapenga? Bwanji osandipatsa ine!"

"A Ireen, masaya anuwo si utsi."

"Ndiye ndi chiyani, ufiti?"

Mayi Evelesi anamasula pepala lija n'kuwaonetsa, n'kufotokoza zimene anamva kuchipatala, mmene anathera kuzikumbukira. A Ireen anayang'ana pepalalo chozondoka, n'kunena kuti a nesi sanawambepo nsomba. Tsiku limenelo sanakhulupirire. Anadzasiya patapita miyezi, ndipo alipo ena amene mpaka lero amawolokera ku Bangula kukagula okha.

Favour sanalankhule ndi azakhali ake masiku awiri. M'chipinda munkangomveka makina, akuthamanga kwambiri kuposa mmene nsalu inkafunira. Madzi ofunda ankawapeza pakhomo m'mawa ndi madzulo, ndipo beseni linkabwerera lopanda kanthu. Tsiku lachitatu anaitana.

"Azakhali, tabwerani mundigwirire nsaluyi, ikupindika."

Anaigwira. Za mabotolo sanazitchulenso.

Lazaro anabwera mlungu wachinayi panjinga yamoto yobwereka. Mwambo wobindikira sulola mkwati kuona mkwatibwi, choncho Mayi Evelesi anamuikira mpando panja, pafupi ndi zenera lotchinga lija, iwo n'kukhala chapatali akutola nsatsi m'lichero. Anamva Favour akufotokoza zonse, za maso amene sanadwale, za kabotolo, za a nesi.

"Ndikuuziretu, ndida. Pamasaya pali zigamba."

"Ine ndinakufunsira uli wakuda, ukusoka thalauza langa long'ambika kumbuyo," anatero Lazaro. "Wayamba kuyera ndatha kale kukufuna. Ndinkangoti mwina ndi mthunzi wa pakhonde paja."

"Ndiye bwanji sunanene?"

"Ndinene chiyani kwa munthu wogwira sizasi?"

Kuseri kwa chitenje kunamveka kuseka, koyamba chibwerereni Favour ku Chiromo.

Ukwati unachitika Loweruka lomaliza la Seputembala. M'mawa wake Mayi Evelesi anamusambitsa komaliza, n'kumudzoza nsatsi m'mikono, m'khosi ndi m'miyendo, kumaso vaselini pang'ono. Kunena zoona, nkhope sinabwerere mwakale yonse. Ziphuphu zinali zitatha, kungotsala timabala pachibwano. Khungu linali litayamba kubwerera mtundu wa bambo ake, ndipo mdima wa pamasaya unkaoneka kwa munthu woima pafupi. Favour anadziyang'ana pakagalasi kaja nthawi yaitali, n'kutembenuzira tsaya ili, kenaka ilo.

"Nditsitse velo?" anafunsa Mayi Evelesi.

"Musiyeni kumbuyo. Kukutentha."

Anatuluka nkhope ili pamtunda, ambulera ili pamwamba, mikono ikunyezimira, ndipo amayi anaimba nthungululu, a Ireen patsogolo. Pakhomo la tchalitchi, mayi wina wa basi ya ku Ngabu anakoka Mayi Evelesi pamkono.

"Uja tinkamuona pafoni uja ndi yemweyu? Uja anali woyera."

"Ndi yemweyu, mayi. Woyera uja ndinapanga ndine. Uyu ndiye anabadwa."

Mayiyo anayang'ana mkwatibwi, n'kuyang'ananso masaya a Mayi Evelesi.

Lero Mayi Evelesi akadali pauvuni wawo, atavala chipewa cha mlaza chotambalala ngati lichero. Mdima wa pamasaya pawo sunachoke, koma sunapitirire. Wa Favour, amene anamuona posachedwapa akuti wachepa kwambiri. Akwatibwi obwera kwa iwo ndi ochepa kusiyana ndi kale, chifukwa si onse amene angapeze milungu itatu, ndipo si onse amene amafuna kutuluka mtundu umene analowera. Pepala la a nesi limakhala m'buku la nyimbo. Mtsikana akabwera ndi mafuta ake, amamufunsa kabokosi, n'kutulutsa pepalalo, n'kumafanizira mayina aja chilembo ndi chilembo, chala chikuyenda pang'onopang'ono. Chingerezi sachimva mpaka pano, koma mayina anayiwo sawaphonya. Wobwera wopanda kabokosi amabwerera nawo mafuta akewo.

Kabokosi ka ndimu kanabwerera kudenga ndi mbedza zake. Botolo la mzimayi womwetulira a nesi analisunga kuti azionetsa ena, ndipo a Geresomo, amene tsopano amasungira nyambo m'chitini chobooka, amadandaulabe kuti anawalanda mkazi.